Kuyeza magazi pofuna kudziwa ngati wophulika mtsempha mu ubongo adzachira: ku Britain ndi ku Malawi

Mtsempha ukaphulika m'mutu, magazi amatayikira mu ubongo n'kuundana pamalo amodzi, ndipo chibuluma cha magazicho chimafinya ubongo wozungulira. Umenewu ndi umodzi mwa mitundu iwiri ikuluikulu ya sitiroko. Mtundu winawo, womwe ndi wofala kwambiri, umabwera mtsempha ukatsekeka. Poona ndi maso, mitundu iwiriyi imafanana: pakamwa kupotoka, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi kufa, lilime kulemera, nthawi zina mutu woboola, kusanza ndi kukomoka. Komabe yophulika mtsemphayi ndiyo imapha kwambiri. Kafukufuku wophatikiza zotsatira za m'maiko ambiri, wosindikizidwa mu 2010, anapeza kuti odwala pafupifupi 40 mwa 100 aliwonse amamwalira mwezi usanathe.

M'maiko olemera, sitiroko 10 mpaka 15 mwa 100 zilizonse ndi zophulika mtsempha. Ku Africa chiwerengerochi n'chokwera. Kafukufuku wa SIREN wa ku Ghana ndi ku Nigeria anapeza mu 2018 kuti pafupifupi sitiroko imodzi mwa zitatu inali yotere, ndipo wa ku Blantyre wosindikizidwa mu 2016 anapeza pafupifupi imodzi mwa zisanu. Gwero lalikulu ndi BP yokwera imene yatha zaka isanakumane ndi mankhwala. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anasonyeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwowa sankadziwa n'komwe. Ku Britain odwala ambiri ndi okalamba: ena mitsempha yafooka ndi ukalamba, ena akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana chifukwa cha mtima wogunda mosalongosoka. Ku Malawi wodwala kawirikawiri amakhala bambo kapena mayi amene akudyetsabe banja.

Kulikonseko achibale amafunsa chimodzimodzi: kodi achira, nanga adzayendanso? Amalawi ogwira ntchito m'zipatala za ku Britain amalandira funsoli pawiri, kuwodi masana ndi pa WhatsApp usiku, abale akumudzi atatumiza chithunzi cha kabuku ka kuchipatala. Yankho limene magazi angapereke limadalira chimene chayezedwa, nthawi imene chayezedwa, ndi zimene chipatala chingachite chikaona zotsatirazo.

Zimene dokotala amaona magazi asanayezedwe

Kulosera za kuchira kumayambira pa bedi la wodwala. Mu 1974 Graham Teasdale ndi Bryan Jennett a ku Glasgow anakonza muyezo wa kukomoka wotchedwa GCS, umene umaona ngati munthu akutsegula maso, akuyankhula ndiponso akusuntha ziwalo akauzidwa kapena akatsinidwa. Wokomoka kotheratu amapeza 3, wogalamuka bwinobwino amapeza 15. Muyezowu sufuna makina, choncho namwino wa ku Manchester ndi wa ku Ntcheu amaugwiritsa ntchito mofanana.

Kusiyana kumayamba pa sikani. Mu 2001 Claude Hemphill ndi anzake a ku San Francisco anaphatikiza zinthu zisanu kukhala muyezo umodzi wotchedwa ICH Score: GCS, kuchuluka kwa magazi otayika ngati afika mamililita 30, kulowa kwa magazi m'zipinda za madzi za mkati mwa ubongo, kuphulika kwa mtsempha kumunsi kwa ubongo cha kunkhongo, ndi zaka 80 kapena kuposa. Mwa odwala 152 amene anawatsatira, palibe wa mapointi 0 amene anamwalira mkati mwa masiku 30, pomwe onse a mapointi 5 anamwalira. Zitatu mwa zinthu zisanuzi zimaoneka pa sikani ya CT yokha. Ku Britain lamulo la chipatala ndi loti woganiziridwa sitiroko alowe mu sikani ola lisanathe chifikireni, ndipo kalembera wa SSNAP amasindikiza poyera mmene chipatala chilichonse chikuchitira. Ku Malawi makina a CT ali m'zipatala zazikulu zochepa ndi zina zolipira za m'mizinda, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 amakhala kumudzi. Wodwala wofikira pa chipatala cha boma la kwawo nthawi zambiri amagonekedwa, kuthandizidwa mpaka kutulutsidwa popanda wodziwa ngati mtsempha unaphulika kapena unatsekeka. Apa ndi pamene chiyembekezo choti magazi angalowe m'malo mwa sikani chimachokera.

Magazi a tsiku ndi tsiku

Gulu loyamba la zoyeza ndi zimene labu iliyonse yokhazikika imayeza kale. Shuga ndiye woyamba. Munthu wofika shuga ali wokwera, ngakhale sanadwalepo matenda a shuga, amakhala pa chiopsezo chachikulu chomwalira kapena kulumala. Mbali ina n'chifukwa choti thupi lovulala kwambiri limatulutsa shuga wambiri, ndipo mbali ina shugayo amawonjezera kutupa kwa ubongo. Shuga wotsika kwambiri naye amakomola munthu n'kufooketsa mbali imodzi ngati sitiroko, n'chifukwa chake kubaya chala kumachitika msanga kulikonse.

Chachiwiri ndi mphamvu ya magazi pa kuundana. Mwa odwala ofika m'maola atatu oyamba, pafupifupi mmodzi mwa atatu magazi ake amapitiriza kutayika tsiku loyambalo, ndipo kukula kwa chibulumacho ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimaononga kwambiri tsogolo la wodwala. Muyezo wa INR umasonyeza mmene mankhwala a warfarin achedwetsera magazi kuundana, pomwe kuwerenga mapulateleti kumasonyeza ngati timaselo totseka bala tilipo tokwanira. Ku Britain omwa mankhwala otere ambiri ndi okalamba. Ku Malawi warfarin amamwa kwambiri achinyamata ndi amayi amene mavavu a mtima wawo anaonongeka, komanso amene magazi anaundana m'miyendo, ndipo INR imayezedwa makamaka m'zipatala zazikulu.

Chachitatu ndi zizindikiro za kutupa. Ubongo ukavulala, maselo oyera otchedwa neutrophil amachuluka ndipo otchedwa lymphocyte amachepa. Kugawa chiwerengero choyambacho ndi chachiwiricho kumapereka nambala yotchedwa NLR, ndipo kafukufuku wambiri wasonyeza kuti ikakwera wodwala amakonda kugwidwa chibayo, kufooka msanga kapena kumwalira. Puloteni yotchedwa CRP ikakwera imalozanso komweko. Palinso creatinine woonetsa mmene impso zilili, popeza BP imene yaphulitsa mtsempha wa m'mutu imakhala itaononga kale impso, ndiponso mchere wa sodium, umene ukatsika kwambiri umawonjezera kutupa kwa ubongo ndi kukomoka.

Mapuloteni ochokera mu ubongo mwenimweni

Gulu lachiwiri ndi latsopano, ndipo ndi limene ofufuza akulimbikira. Pakati pa magazi ndi ubongo pali chotchinga chimene chimaletsa zinthu za mu ubongo kulowa m'magazi. Mtsempha ukaphulika, maselo amang'ambika, chotchingacho chimabooka, ndipo mapuloteni a mu ubongo amayamba kupezeka m'magazi, monga mmene madzi a mumtsinje amafiirira mvula ikakokolola minda kumtunda.

GFAP ndi puloteni ya m'maselo ochirikiza ubongo. Mtsempha ukaphulika maselowa amang'ambika nthawi yomweyo, choncho GFAP imakwera m'maola oyambirira. Mtsempha ukatsekeka maselo amafa pang'onopang'ono, ndipo GFAP imafika pamwamba patapita masiku awiri kapena kuposa. Kuyambira 2006 ofufuza a ku Germany motsogozedwa ndi Christian Foerch asonyeza kuti kusiyana kwa nthawiku kungathandize kusiyanitsa mitundu iwiri ya sitiroko, ndiponso kuti GFAP imakwera molingana ndi kuchuluka kwa magazi otayika. Pali malire awiri. Magazi otayika akakhala ochepa GFAP ikhoza kukhala yotsika, ndipo tsiku likadutsa mitundu yonse iwiri imayamba kufanana.

S100B inapezeka mu 1965. Imakwera msanga n'kutsikanso msanga, chifukwa impso zimaichotsa m'maola ochepa. Ikakhala yokwera kwambiri, kapena ikakweranso itatsika kale, zimasonyeza kuti ubongo ukupitiriza kuonongeka. Vuto lake n'loti imachokeranso m'mafuta a m'thupi, m'chichereŵechereŵe ndi m'maselo opanga mtundu wa khungu, moti ngakhale fupa lothyoka limaikweza.

NfL imachokera mu ulusi wautali umene umanyamula mauthenga pakati pa maselo a ubongo. Imakwera pang'onopang'ono, kufika pamwamba patapita masabata, n'kukhalabe m'magazi kwa miyezi. Pa chifukwa ichi siyothandiza pa ola loyamba, koma imagwirizana ndi kuchuluka kwa ulusi woduka, ndipo ofufuza apeza kuti imalozera mmene munthu adzakhalire patatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Imapezeka yochepa zedi m'magazi, choncho imafuna makina odula amene ali m'malabu akuluakulu okha.

Ena angaganize kuti zoyeza zimenezi n'zachizolowezi ku Ulaya. Zoona zake n'zakuti mu 2018 bungwe la FDA la ku America linavomereza kuyeza GFAP pamodzi ndi puloteni ina yotchedwa UCH-L1, ndipo mu 2021 linavomereza kamakina kam'manja ka kampani ya Abbott, koma chilolezocho n'cha anthu omenyeka m'mutu, pofuna kudziwa amene akufunika sikani. Pa wodi ya sitiroko ya NHS ku Britain, wophulika mtsempha amayezedwa shuga, INR, chiwerengero cha maselo, impso ndi mchere. Mapuloteni a mu ubongo akadali nkhani ya kafukufuku, chifukwa sanasonyezebe mokwanira kuti amawonjezera zambiri pa zimene GCS ndi sikani zanena kale.

Zimene zimachitika zotsatira zikatuluka

Ku Britain achibale amaimba 999, ambulansi imadziwitsa chipatala isanafike, ndipo magazi amatengedwa wodwala akupita ku sikani. INR ikakhala yokwera amapatsidwa vitamini K ndi mankhwala obwezeretsa kuundana kwa magazi otchedwa PCC. BP imatsitsidwa ndi mankhwala a mudiripu, ndipo namwino amayeza ngati wodwala akutha kumeza maola anayi asanathe. Chipatala cha Salford Royal ku Greater Manchester chinaika malire a nthawi pa zinthu zitatu: kubweza mphamvu ya mankhwala oletsa kuundana, kutsitsa BP, ndi kutumiza msanga oyenera kwa madokotala a opaleshoni ya ubongo. Zotsatira zosindikizidwa mu 2019 zinasonyeza kuti imfa za m'masiku 30 zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, popanda mankhwala atsopano.

Phunziro lomweli linaoneka m'maiko osalemera. Kafukufuku wa INTERACT3, wosindikizidwa mu 2023, anatsatira odwala oposa 7,000 m'maiko khumi, kuphatikizapo China, India, Pakistan, Peru ndi Nigeria. Zipatala zinauzidwa kutsitsa BP ya pamwamba kufika pansi pa 140 ola lisanathe, kusunga shuga pakati pa 6.1 ndi 7.8 kwa osadwala shuga ndi 7.8 mpaka 10 kwa odwala shuga, kusunga kutentha kwa thupi pa madigiri 37.5 kapena kutsika, ndi kubweza INR pansi pa 1.5. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, odwala osamalidwa motero anali atachira bwino ndipo omwalira anali ochepa. Ziwiri mwa zinthu zinayizi ndi zoyeza za m'magazi zotchipa. Kufunika kwake n'koti dokotala akhoza kuzisintha, osati kungoziwerenga.

Sikuti nambala iliyonse yoipa ikakonzedwa wodwala amapindula. Kafukufuku wa PATCH wa mu 2016, wochitika ku Netherlands, Britain ndi France, anapeza kuti kupatsa mapulateleti anthu amene ankamwa aspirin ndi mankhwala ofanana naye kunaipitsa zinthu. Choyezera chikhoza kulosera bwino, koma kuchisintha osathandiza.

Ku Malawi ulendo umayamba ndi kufunafuna galimoto, njinga yamoto kapena ngolo, ndipo ambiri amafika maola ofunikawo atadutsa. Ena amayamba adutsa kwa sing'anga kapena ku mapemphero, chifukwa kugwa mwadzidzidzi kwa munthu amene dzulo anali kumunda kumaganizitsa anthu za ufiti. Woyamba kuona wodwala nthawi zambiri ndi kiliniko ofesala. Amayeza BP, shuga, malungo ndi HIV, ndipo chiwerengero cha maselo ndi impso zimayezedwa ngati labu ili ndi mankhwala oyezera sabata imeneyo. Popanda sikani pamakhala chisankho chovuta: aspirin amateteza wotsekeka mtsempha, koma akhoza kuwonjezera kutayika kwa magazi mwa wophulika mtsempha. Miyezo yongoyang'ana zizindikiro, monga wa Siriraj wa ku Thailand wa mu 1991, yayesedwa ku Africa ndipo yapezeka kuti imaphonya kwambiri. Kudyetsa, kusambitsa ndi kutembenuza wodwala ndi ntchito ya gadiyani, choncho zimene gadiyani wauzidwa zokhudza kumeza n'zimene zimateteza wodwala ku chibayo chobwera phala likalowa m'mapapo.

Motero kachipangizo koyezera GFAP pa dontho la magazi kangakhale kaphindu ku Nsanje kapena ku Chitipa kuposa ku London, kumene sikani ili pafupi. Malawi ali nazo kale zomuyenereza. Zoyezera malungo ndi HIV za pompopompo zafika m'zipatala zazing'ono zakumudzi, makina a GeneXpert ali m'maboma, ndipo njinga zamoto zimatengera magazi ouma papepala kupita kumalabu oyeza kuchuluka kwa kachilombo. Zopinga ndi mtengo wa timakatiriji, kutisunga pozizira, ndi kuchedwa kwa odwala, popeza phindu la GFAP lili m'maola oyamba omwewo amene amathera panjira.

Malire a ku Ulaya pa thupi la Mmalawi

Choyezera chilichonse chimakhala ndi malire osiyanitsa chabwino ndi choipa, ndipo malire ambiri anachokera kwa odwala a ku Ulaya, America ndi China. Pali zifukwa zodziwika zosonyeza kuti sangangotengedwa momwemo. Anthu ambiri ochokera kum'mwera kwa chipululu cha Sahara amabadwa ndi mtundu wa magazi wopanda chizindikiro cha Duffy, ndipo amakhala ndi ma neutrophil ochepa ngakhale ali athanzi. HIV imachepetsa ma lymphocyte. Zonse ziwirizi zimasuntha NLR, china kumunsi china kumwamba. Malungo amatsitsa mapulateleti, TB imakweza CRP, ndipo NfL imakwera mwa okalamba, odwala impso ndi amene ali ndi HIV yosalandira mankhwala. S100B imakhala yokwera mwa anthu akhungu lakuda kuposa azungu popanda vuto lililonse mu ubongo. Ngakhale pa impso, kafukufuku wa ku Malawi, Uganda ndi South Africa wosindikizidwa mu 2022 anasonyeza kuti masamu ogwiritsa ntchito creatinine amaonetsa impso za anthu a kumeneko ngati zamphamvu kuposa mmene zilili.

Nkhaniyi ikukhudzanso Amalawi okhala ku Leicester, Manchester kapena Glasgow, chifukwa magazi awo amawerengedwa ndi malire omwewo. Kalembera wa sitiroko wa ku South London anasonyeza kuyambira m'ma 1990 kuti anthu akuda kumeneko amadwala sitiroko pafupifupi kawiri kuposa azungu, ndiponso akadali aang'ono. Ku Malawi malo opimira malire oyenera alipo: yunivesite ya KUHeS, pulogalamu ya Malawi-Liverpool-Wellcome, ndi chipatala cha Queens ku Blantyre, kumene makina a MRI anafika mu 2008 ndipo anathandiza kusonyeza mu 2015 kuti ana omwalira ndi malungo a mu ubongo amafa ndi kutupa kwa ubongo. Kafukufuku wa pa Queens wa mu 2012 anapezanso kuti chimene chinalosera tsogolo la odwala sitiroko patatha chaka chinali kukula kwa sitirokoyo, osati kukhala ndi HIV, zimene zikusonyeza kufunika koyeza m'malo mongoganiza.

Kuopsa kwa ulosi

Ulosi ukhoza kudzikwaniritsa wokha. Madokotala akaona nambala zoipa n'kuchepetsa thandizo tsiku loyamba, wodwala amamwalira, ndipo imfayo imalowa m'kaundula ngati umboni woti nambalazo zinalosera zoona. Pa chifukwa ichi malangizo a American Heart Association a 2022 amanena kuti miyezo ngati ICH Score isakhale chifukwa chokhacho chosiyira thandizo, ndipo chisankho chosadzutsa mtima ukaima chidikire mpaka tsiku lachiwiri lathunthu, pokhapokha wodwala atanena kale zofuna zake. Ku Britain zimenezi zimakambidwa pa msonkhano wa madokotala ndi achibale, n'kulembedwa pa fomu. Ku Malawi sizilembedwa kawirikawiri, koma zimachitika mwanjira ina: achibale akamva kuti palibe chiyembekezo amapempha kutuluka kuti wodwala akathere kumudzi, poganiziranso mtengo wonyamula maliro. Mawu a dokotala kapena a m'bale wa kunja amene waona zotsatira pa foni amalemera kwambiri pa chisankho chotere. Nambala ya m'magazi imanena za gulu la odwala ofanana, ndipo m'gulu lililonse mumakhala ena ochira kuposa mmene ankayembekezera.

Wodwala akatuluka

Kuchira kumayezedwa ndi muyezo wa Rankin wokonzedwanso, kuchokera pa 0, wopanda vuto lililonse, kufika pa 5, wogona pabedi wofuna chisamaliro usana ndi usiku, ndi 6, womwalira. Ofufuza amauyeza patatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, koma wophulika mtsempha amachira mochedwa kuposa wotsekeka mtsempha, chifukwa magazi oundanawo amatenga masabata kuti asungunuke, ndipo ena amapitiriza kupeza mphamvu mpaka chaka. Ku Britain gulu la akatswiri a mafizo, a kuyankhula ndi a ntchito zapakhomo limayendera wodwala kunyumba, ndipo amaunikidwanso pa miyezi isanu ndi umodzi. Ku Malawi mafizo amapezeka m'zipatala zazikulu, m'zipatala zina za m'maboma ndi ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, ndipo ntchito yambiri imatsala m'manja mwa banja.

Pa nthawi imeneyi mapuloteni a mu ubongo sakhalanso ndi zambiri zonena. Chimene chimalosera kwambiri ngati mtsempha wina udzaphulika ndi BP ya mwezi ndi mwezi. Kafukufuku wa PROGRESS wa mu 2001 anasonyeza kuti mwa amene anaphulikapo mtsempha, mankhwala otsitsa BP anachepetsa sitiroko yachiwiri ndi pafupifupi theka. Mankhwala a mtundu umenewu, monga hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril, ali pa mndandanda wa mankhwala a m'zipatala za ku Malawi. Kuyeza creatinine ndi mchere wa potassium nthawi ndi nthawi kumathandiza kusankha oyenera impso za wodwalayo, ndipo kumwa mosadukiza, kuchepetsa mchere m'ndiwo, kusiya fodya ndi kuchepetsa mowa ndi malangizo amodzimodzi ku Salford ndi ku Blantyre.